Bambo Achedwa ndi Theka la Inchi

Ntchito za Lachinayi lija zinali zodziwika kale. Kuchapa matewera asanayambe kununkha, kutsuka mbale za dzulo, kupatsa bambo mankhwala awo a m'mawa ndi kuima pomwepo mpaka ameze, chifukwa ukangotembenuka amawabisa pansi pa sosala. Kenako kukolopa pabalaza, kusambitsa mwana, nkukhala pa makina osokera. Pa makinapo pankadikira mayunifolomu anayi ofunika kufupikitsa, ndi thalauza la bambo wina amene ankaumirira kuti lachita kufota lokha, osati kuti iye wanenepa.

Mayi wa ntchito zonsezi anthu a mumsewu wawo ankamuitana kuti Telala, ndipo dzinalo linamukhala moti ngakhale mwamuna wake akapsa mtima ankatchula lomwelo. Sukulu anailekera panjira, koma tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwake, ndipo chinthu chimene sanachiyeze yekha sankachikhulupirira msanga.

Anali akufinya chikolopa pamene bambo ake anatuluka m'chipinda atanyamula gitala m'chikwama chake, zipi atatseka mpaka kumapeto. Anaiimika pafupi ndi chitseko chotulukira, nkuyamba kupukuta fumbi limene panalibe.

"Mayi, ukamaliza zakozo undiitanire uja wogula katundu wakale."

"Adzagule chiyani?"

"Usandifunse ngati sukuona."

Bambo akewo anthu ankawadziwa kuti a Besi. Zaka makumi atatu anakhala akuimba gitala ya besi, ija ya mawu aakulu ogunda pachifuwa, mu bandi yoimba m'mahotela ndi m'maukwati. Ana asanu anawalera ndi gitala imeneyo. Miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo sitiroko inawagwetsa kubafa, dzanja lamanzere nkukhala ngati la munthu wina. Telala anawatenga kudzakhala nawo. Adokotala atanena kuti azilimbitsa zala, iye anawapatsa mbale yodzaza mapegi oyanikira zovala: kutsina pegi, kuipana m'mphepete mwa mbale, kuichotsa, kutenga ina. Makumi asanu m'mawa, makumi asanu masana. Sanadumphe tsiku, ndipo palibe anawamvapo akudandaula. Mwezi wachisanu anapempha gitala yawo.

Tsopano bandi inali itapeza ntchito ku hotela ina yatsopano, ndipo mkulu wa bandiyo, a Kiyibodi, anafunika kupereka mayina a oimba ntchitoyo isanayambe Loweruka. Pamalo pa a Besi panali wina wongogwirizira. A Kiyibodi sankafuna kukhumudwitsa mnzawo wakale, komanso sankafuna kukachita manyazi pamaso pa alendo. Ndiye anatumiza nyimbo imodzi ya bandi yopanda besi, nkunena kuti: "Muimbe pamwamba pakepo, mujambule, munditumizire. Ndikamva kuti muli bwino, malo ndi anu."

Wojambula anali mwamuna wa Telala. Kuntchito ankagulitsa penti ndi misomali, koma pakhomo anali a Injiniya, chifukwa chilichonse cha magetsi ankachitsegula kuti aone m'kati, ndipo zina zinkatsekekanso. Anali ndi laputopu, ndiponso mahedifoni akuda opanda waya amene ankawasunga m'kachikwama kawokawo ngati mazira. Analumikiza gitala ku kabokosi kake kokuzira mawu, kabokosiko ku laputopu, nkuwaveka apongozi ake mahedifoni aja kuti azimveramo bandi, khutu limodzi atalisiya panja kuti azimva gitala yawo.

Lolemba anajambula katatu. Lachiwiri katatunso. Nthawi iliyonse akatsegula kuti amvere, ng'oma inkatsogola, besi nkumabwera pambuyo ngati mwana wokokedwa dzanja pamsika.

Lachitatu a Injiniya anati mwina mahedifoni akuwasokoneza akuluwo, nkukabwereka sipika yaikulu kwa wometa tsitsi wa pakona, nayonso yopanda waya. Bandi inadzaza nyumba yonse. A Besi anaimba akumwetulira, phazi likugunda pansi. Atamvera zomwe zajambulidwa, besi inali kumbuyo kuposa kale.

"Chimene chikundiopsa," anatero a Besi tsiku limenelo, "n'chakuti ndikamaimba ndimamva ngati ndili pomwepo. Ndiye kuti si zala zokha ayi. Ndi mutuwu."

Chakudya anangochigwiragwira nkukankha mbale.

Koma Telala anali atamva zake. Lachitatulo, sipika ikulira, iye anali pa makina m'chipinda china, ndipo ng'oma ndi besi zinkamufika pamodzi, ndendende, moti phazi lake pa chopondera linkayendera momwemo. Atamuuza mwamuna wake, anangomuyankha kuti, "Iwe unali m'phokoso la makina. Khutu limanama, kompyuta sinama."

Ndiye m'mawa wa Lachinayi umenewu, gitala itaima pakhomo ngati mlendo wotsanzika, Telala anasiya chikolopa mu ndowa, nkupukuta manja. A Injiniya anali pa ofu, atagona pa sofa, mwana akuwakoka makutu.

"Bambo a mwana, tatsegulani chinthu chanucho."

"Kuti timverenso? Ukufuna kuwamaliza bambo?"

"Sindikufuna kumvera. Ndikufuna kuona."

Pa sikirini nyimbo inkaoneka ngati mizere iwiri yogona, yodzaza timinga. Wapamwamba unali wa bandi, wapansi wa bambo. A Injiniya anafotokoza, mawu atawakuza ngati mphunzitsi, kuti paliponse pamene ng'oma yagunda pamatuluka munga wautali, ndipo besi ikalira ndi chimodzimodzi.

"Ndiye munga wa bambowu umafunika ukhale pansi penipeni pa wa ng'omawu?"

"Eya. Koma taona, uli chakumanja. Kuchedwa kwake ndi kumeneko."

"Takulitsani ndione bwino."

Atakulitsa, Telala anavula tepi m'khosi nkuigoneka pa sikirini.

"Iwe Telala! Sikirini imeneyo si chiuno cha kasitomala!"

"Gwirani mwanayu, musandisokoneze." Anatsinzina diso limodzi. "Theka la inchi." Anatenga choko chake chojambulira nsalu nkulemba patebulo. "Pitani pakati pa nyimbo. Kokulitsirako musakhudze, zikhale momwemo."

Pakati pa nyimbo panali theka la inchi. Kumapeto, theka la inchi. Anawauza atsegule yachiwiri, kenako yachitatu, kenako zonse za Lachiwiri. Paliponse ankayeza malo atatu, ndipo paliponse tepi inkanena zomwezo. Atafika pa za Lachitatu, zojambulidwa ndi sipika ya wometa, mpata unakula: makota atatu a inchi. Koma nawonso sunasinthe, poyamba, pakati, pomaliza, katatu konse.

A Besi anali atakhala pampando wa pakhomo, akumanga zingwe za nsapato zomwe zinali zomanga kale.

"Bambo, tabwerani muone."

"Ndidzaone manyazi anga pa tepi? Zandikwana m'makutu."

"Tabwerani kaye, gitala siithawa."

Anabwera akukoka phazi, nkuima kumbuyo kwake.

"Ine dzanja likatopa," anatero Telala, "msoko umapita uku, umapita uku. Apa walowa, apa watuluka. Koma ndikaona kuti msoko wapatuka mofanana kuyambira kukhosi mpaka pansi, pa diresi ili ndi linzake lomwe, ndimasiya kudzikayikira. Ndimagwada nkuyang'ana makina." Analoza manambala a patebulo. "Lolemba ndi Lachiwiri munavala mahedifoni, theka. Lachitatu sipika, makota atatu. Mutu wodwala ungadziwe bwanji kuti lero ndi Lachitatu?"

A Besi anakoka mpando nkukhala pafupi.

"Ayi, ayi," anatero a Injiniya. "Mahedifoni amenewa si a pamsewu. Ndimaonera mafilimu tsiku lililonse, sindinaonepo vuto."

"Kompyuta yanuyi imamva munthu akamayankhula?"

"Ili ndi maiki, eya."

"Iuzeni imvere."

Telala anatenga sizasi yake yaikulu yodulira nsalu, nkuitseka katatu pafupi ndi laputopu. Tche. Tche. Tche. Pa sikirini panamera minga itatu, yotalikirana bwino, popanda china chosokoneza. Nyimbo ikamalira pa pulogalamu ija pamayenda kamzere koima, kosonyeza pomwe yafika. Anayamba ndi timasipika ta laputopu momwemo. Kamzere kanakhudza munga, sizasi nkulira nthawi yomweyo. Kenako Telala anavala mahedifoni aja, maso ali pa sikirini. Kamzere kanafika pa munga, kanadutsa, ndipo katadutsa m'pamene tche anamufika m'khutu.

Anawavula nkuwapereka kwa mwini wake.

A Injiniya anamvera kamodzi. Anabwereza. Anabwerezanso kachitatu, mphumi itachita makwinya.

"Mwina batire," anatero.

Munthuyo sanali wogonja msanga, ndipo Telala anamulekerera, chifukwa naye sankafuna kuwalonjeza bambo chinthu chosatsimikizika. A Injiniya anatchaja mahedifoni mpaka kudzaza. Tche anabwerabe mochedwa. Anawachotsa pa laputopu nkuwalumikizanso ngati atsopano. Anatseka mapulogalamu ena onse. Anazimitsa laputopu nkuiyatsanso. Anazimitsa foni yake ndi ya mkazi wake, nkuzulanso kabokosi ka intaneti pakhoma, akuti mwina zikulimbirana njira mumphepo. Apo kuchedwa kunachepako pang'ono, koma sikunathe. Pomaliza anaweramitsa mutu kuti mahedifoni ayandikire laputopu, mpaka chibwano kukhudza mabatani.

"Mukalowa m'katimo mundiuze, ndikupatseni tochi," anatero Telala.

Atayesa sipika ya wometa, zinali zoonekeratu ngakhale kwa munthu wodutsa pazenera. Kamzere kankadutsa munga nkupita patali, sizasi nkumalira kumbuyo yokhayokha.

A Injiniya anayatsanso intaneti nkuwerenga pa foni kanthawi, milomo ikuyenda.

"Akuti mawu asanadutse mumphepo amayamba akulungidwa kaye, akafika uko nkumasulidwa. Kukulunga ndi kumasulako ndiye kumadya nthawi."

"Nanga mafilimu anu aja?"

"Akuti filimu imachedwetsa chithunzi dala kuti chidikire mawu. Koma yojambulira nyimboyi sidikira munthu." Anaika foni pansi pang'onopang'ono. "Ndiye kuti bambo amamva nyimbo itadutsa kale, iwo nkumaimba ndendende pa zomwe akumvazo."

Anayang'ana manambala a choko aja, akuwawerenga ndi chala.

"Malo makumi awiri ndi asanu ndi awiri, osaphonya ngakhale pamodzi. Apongozi, inu ndinu munthu kapena wotchi?" Kenako mawu anatsika. "Ndakulakwirani, bambo. Masiku atatu onsewa ndakhala ndikukuuzani kuti mukuchedwa."

A Besi ankayang'ana dzanja lawo lamanzere, akulitembenuza uku ndi uku ngati chinthu chomwe wina wangowabwezera.

"Akamwini, kodi m'nyumba muno mulibe zomverera za waya?"

Munalibe. Zonse a Injiniya anazigawa mwana atayamba kutafuna mawaya. Ali m'kati mofotokoza zimenezo, fungo linafika pabalaza, Telala nkukuwa kuti "Nyemba zanga!" Anathamangira kukhitchini, koma anapeza poto atada mpaka m'mbali. Anamuthira madzi, nkumusiya akulira pa sinki. Anabereka mwana, kuvala masilipasi, ulendo.

Wogulitsa zinthu za mafoni anali pafupi ndi poimira basi, katebulo kake katadzaza matchaja ndi zikwama za mafoni.

"Zomverera za waya muli nazo?"

"Aaa, achemwali, za waya masiku ano? Taonani izi, zopanda waya, mumangoika m'khutu basi. Mukhoza kuchapa muli nazo, kuphika muli nazo."

"Ndazionera kunyumba zimenezo, zatsala pang'ono kugulitsa gitala ya bambo anga. Ndipatseni za waya."

Munthuyo anafufuza pansi pa katoni nkutulutsa kapaketi kofumbira. Zinali zapinki, ndipo zinatsala zimenezo zokha. Telala anamuuza azilumikize ku foni yake kaye, anamvera khutu ili, anamvera linzake, m'pamene analipira.

Atafika kunyumba anayesanso ndi sizasi ija. Kamzere kanakhudza munga, tche nkulira pomwepo.

A Injiniya anali atapeza kale nzeru ina. "Apongozi, musavutikenso kuimba. Ya Lolemba yoyamba ija ndi yabwino. Ndingoukoka mzere wonse ndi theka la inchi kubwerera kumanzere, ikhala malo ake, titumize."

"Ndi zoona, bambo," anatero Telala. "Si kuba, munaimba ndinu."

"Ndiye Loweruka mukandiperekeza ku hotela, muzikandikoka ndi theka la inchi?" A Besi anaimirira, nkupita pakhomo. Zipi ya chikwama inalira ulendo umodzi. "Ndikufuna ndimve ndekha."

Anakhala pampando wawo, gitala pantchafu, timawaya tapinki tikulendewera pa ndevu zaimvi. Mwana anaseka nkuwaloza. Iwo anamutsinzinira diso, nkugwedezera mutu a Injiniya kuti ayambe.

Telala sankamva bandi, ankangomva besi yokha kuchokera m'kabokosi. Anaima pakhomo la kukhitchini, m'manja muli chitsulo chokwechera poto, koma poto sanamukhudze. Ankayang'ana zala zinayi zija, zomwe miyezi ingapo m'mbuyomo zinkalephera kugwira supuni, zikuyenda pa nsambo ngati zikuyenda pabwalo la kwawo. Chala chaching'ono chinali chidakali chouma, ndipo iye anaona kuti bambo apeza njira yochizungulira: pomwe chinkafunika, dzanja lonse linkatsetsereka msanga, chala chinzake nkufika m'malo mwake. Palibe anawaphunzitsa zimenezo. Anazipeza okha m'chipinda muja, masana ambirimbiri, iye akuganiza kuti akungodzisangalatsa. Pakati pa nyimbo a Besi anatseka maso. Phazi linkagunda pansi, matambula m'kabati nkumayankha.

Nyimbo itatha anavula zomverera, nkupuma mozama.

"Tayeza, mayi."

Telala anagoneka tepi pa sikirini. Ulendo uno a Injiniya anachita kumugwirira laputopu. Munga wa besi unali pansi penipeni pa munga wa ng'oma. Pakati chimodzimodzi. Kumapeto chimodzimodzi.

"Palibe choyeza apa," anatero, nkubweza tepi m'khosi.

Anamvera onse pa timasipika ta laputopu, kamodzi kokha, a Injiniya nkutumiza. Kenako kunali kudikira. Telala anakwecha poto, nkuphika mazira. A Besi anakhala ndi foni pa bondo, akunamizira kusewera ndi mdzukulu wawo. Nthawi iliyonse galimoto ikaliza hutala kumsewu ankayang'ana pa foni.

Inalira atangoyamba kudya. Anaiika pa sipika kuti onse amve.

"A Besi!" anali a Kiyibodi, kumbuyo kwawo kukumveka phokoso la basi. "Ndamvera katatu. Poyamba ndimati mwina akamwini anu akonza ndi kompyuta. Koma pa vesi yachiwiri paja, pomwe mumatsika nkudikira pang'ono musanabwerere, palibe kompyuta ingaganize zimenezo. Mnzathu wogwirizira uja ndamuuza miyezi yonseyi, sakupamvetsa."

"Ndiye mukuti bwanji, achimwene?"

"Ndikuti Loweruka folo koloko, shati yoyera. Musachedwe."

"Kuchedwa ine?" anatero a Besi, ndipo a Injiniya anatsamwa ndi madzi.

Foni itadulidwa, a Besi anakoka mbale yawo nkufunsa ngati mazira atsalako.

Mtengo wa zonsezi unali uwu. Zomverera zapinki, mtengo wake wofanana ndi mazipi atatu a thalauza. Poto mmodzi wa nyemba, ndipo potoyo pansi sanayerenso. Sikirini inakalika pakona ndi kachitsulo ka kunsonga kwa tepi, kamzere kotalika ngati chikhadabo, komwe a Injiniya amaonetsa mlendo aliyense, ena powadandaulira, ena powanyadira, malinga ndi tsiku. Wometa tsitsi sanalipiritse sipika yake, koma anapempha kuti amusokere epuloni, ndipo inadya mita imodzi ya nsalu. Pa makina tsiku limenelo sipanasokedwe ngakhale batani.